Kodi mumadziwa? Milandu ya malo inasamutsa banja la Lincoln

Samuel Lincoln, kholo la pulezidenti Abraham Lincoln, anafika ku Massachusetts kuchokera ku England mu 1637 ali mnyamata wophunzira kuwomba nsalu. Zidzukulu zake zinangokhalira kusamuka: New Jersey, Pennsylvania, Virginia, mpaka Kentucky.

Ku Kentucky kumeneko malire a minda ankawadziwira pa mitengo, miyala ndi timitsinje, moti munda umodzi unkatha kukhala ndi eni awiri, aliyense atagwira chikalata chake. A Thomas, bambo ake a Abraham, anagula maekala 300 ku Sinking Spring mu 1808, koma mundawo unawapulumuka pamlandu. Atatopa nazo, mu 1816 anawolotsa banja lawo mtsinje wa Ohio kupita ku Indiana, komwe boma linali litayeza kale malo.

Apo n'kuti Abraham ali ndi zaka 7.