LINGA LA SULLY, NYUMBA YOIMA M'MADZI

M'dziko la France, m'mbali mwa mtsinje wa Loire, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kucokera mumzinda wa Orléans, muli linga lamiyala lochedwa Sully-sur-Loire. Zipupa zace zimaturukira m'madzi, pakuti nyumba yonse inazingidwa ndi ngalande yaikuru imene imalandira madzi kucokera mumtsinje waung'ono wa Sange.

Malowa anali ofunika cifukwa ndipo pamene anthu anali kuolokera Loire. Wosunga dooko ndiye anali kudziwa wopita ndi wobwera. Ncifukwa cace m'caka ca 1395 mkuru wina, Guy de La Trémoille, anayamba kumanga linga lalikuru, ndipo mmisiri amene anakonza kamangidwe kace anali Raymond du Temple, womanga nyumba za mfumu.

Linga lenilenilo ndi la ngondya zinai, ndipo pa ngondya iri yonse pali nsanja yozungulira. Pamwamba pa zipupa pali kanjira ka alonda, kokhala ndi ziboo pansi pace zoponyerapo miyala pa adani. Mdani anayenera kuyamba walimbana ndi madzi asanakhudze cipupa, ndipo wofuna kukumba njira ya pansi anali kukumana ndi madzi omwewo.

Koma codabwitsa koposa ciri m'denga. Mitanda yace, imene akalipentala anaisema kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, inapindika ndi kukumana pamwamba monga bwato lovundikira. Papita zaka zoposa 600 ndipo mitandayo ikali cinyamulire denga. Ali yense amene anaonapo phaso litafumbwa patangopita dzinja zowerengeka adzazindikira luso la amisiri amenewa. Iwo sanasiye maina ochuka monga eni nyumba, komatu nchito yao ndiyo imene alendo amaima nthawi yaitali kuiyang'ana.

Joan of Arc, mtsikana amene anatsogolera asilikari a France pomenyana ndi Angerezi, anafika pano m'caka ca 1429 ndiponso mu 1430.

Mu 1602 lingali linagulidwa ndi Maximilien de Béthune, nduna yaikuru ya Mfumu Henri IV, amene anali kuyang'anira cuma ca dziko ndi miseu, nalimbikitsa ulimi. Pa nthawiyo mizinga inali itacepetsa kale mphamvu ya malinga, ndipo mdani amene ndunayi inamuopa pakhomo pace anali mtsinje. Loire akadzala amasefukira moopsya. Motero iye analimbitsa mitumbira ya m'mbali mwa mtsinje kuti ateteze nyumba pamodzi ndi mudzi. Pano ndiponso pamene anasindikiza buku la mbiri ya nchito yace mu 1638.

Mu 1652, pa nthawi ya cipolowe, Mfumu Louis XIV akali mnyamata anadzabisala m'lingali. Voltaire, mlembi wochuka, anakhalamo mu 1716 atacotsedwa ku Paris.

Ngalande sinathe kuthandiza kanthu pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene mabomba anaononga mbali zina za nyumbayi mu 1940 ndi mu 1944. Banja la Béthune linakhala nayo kufikira 1962, pamene boma la cigawo ca Loiret linaigula ndi kuyamba kuikonzanso. Kuyambira m'caka ca 2000, cigwa ca Loire kucokera pa Sully kufikira ku Chalonnes ciri m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa.