WOJAMBULA ZITHUNZI AMENE ANASINTHA KAMERA, OSASINTHA DISO

Masiku ano m'midzi yambiri muli mafoni ojambula zithunzi. Pa ukwati, pa bwalo la mfumu, ngakhale ku dimba, mnyamata angoturutsa foni m'thumba ndipo cithunzi cioneka nthawi yomweyo. Koma akulu-akulu akumbukira kuti kale sizinali comweci ai. Wojambula anali kufika pa njinga ndi kamera ya filimu, ndipo akajambula anthu anali kudikira sabata imodzi kapena ziwiri kuti zithunzi zikatsukidwe ku tauni. Tsono ambiri amafunsa kuti, "Kodi yabwino ndi iti, kamera yakale ija kapena yatsopanoyi?" Yankho lake lipezeka m'nkhani ya Bambo Sebastião Salgado a ku Brazil, mmodzi wa akatswiri ojambula zithunzi odziwika pa dziko lonse, amene anagwira nchito ndi mitundu yonse iwiri ya makamera.

MUNTHU WAKE

Bambo Salgado anabadwa m'caka ca 1944 ku Aimorés, ndipo anakulira pa famu ya ng'ombe ya atate wao. Ku sukulu sanaphunzire za zithunzi konse, koma za cuma. M'caka ca 1969 anacoka ku Brazil pamodzi ndi akazi ao, Mai Lélia, cifukwa ca ulamuliro wa asilikari umene unali m'dzikomo, napita ku Paris. Pambuyo pake analowa nchito ku London m'bungwe loona za malonda a khofi, ndipo bungwelo linali kuwatuma ku Africa kawiri-kawiri. Pa maulendo amenewa anali kunyamula kamera, napeza kuti zithunzi zinali kuwakondweretsa koposa malipoti amene anali kulemba. Motero m'caka ca 1973 anasiya nchito ya malipiro abwino ija nayamba kudya za kamera.

M'MENE FILIMU IGWIRIRA NCHITO

Kwa zaka 35 Bambo Salgado anali kujambula ndi filimu. Filimu ndi kansalu kapulasitiki kopyapyala, kokulungidwa ngati mkeka, kamene anapakapo mankhwala okhala ndi siliva. Mankhwalawo amasintha kuwala kukawakhudza. Munthu akadina batani, citseko ca m'kamera citseguka kanthawi kocepa ndithu, kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo kuwala kulowa nikusiya cizindikiro cosaoneka pa filimupo. Kuti cithunzi cioneke, filimuyo iyenera kubviikidwa m'mankhwala ena m'cipinda ca mdima. Ndiko kumene anthu amati kutsuka. Coturukapo ndico negetivi, imene poyera paoneka pakuda, pakuda paoneka poyera. Ndipo kucokera pa negetiviyo asindikiza cithunzi pa pepala.

Mpukutu umodzi wa filimu yaing'ono utenga zithunzi 36 basi. Ndiponso wojambula sangaone kanthu kufikira filimu itatsukidwa. Akalakwa, adzadziwa patapita masabata, mwina ali kutali kale ndi malo aja. Cifukwa ca ici wojambula wa filimu anaphunzira kuganiza asanadine batani, monga mlenje wa mibvi yowerengeka saponya cisawawa.

ZA GALASI LA KAMERA

Kutsogolo kwa kamera iri yonse, yakale kapena yatsopano, kuli galasi losonkhanitsa kuwala. Magalasiwa ali a mitundu-mitundu, ndipo amawayesa ndi mamilimita. Galasi lalifupi, monga la 28 kapena 35, liona malo otakasuka: munthu, nyumba yake, ndi phiri la kuseri kwake. Galasi lalitali, monga la 300, likoka cinthu cakutali kuti cioneke pafupi, koma liona malo ocepa.

Pojambula anthu Bambo Salgado anali kukonda makamera ang'ono a Leica ndi magalasi aafupi. Tsono galasi lalifupi liri ndi lamulo lake: wojambula ayenera kuyandikira. Sangabisale patali ndi kuba cithunzi. Ndiye cifukwa cake iwo anali kukhala ndi anthu masiku ambiri, kudya nao ndi kuceza nao, kufikira anthuwo atazolowera kamera. Anatero m'caka ca 1986 pa mgodi wa golide wa Serra Pelada ku Brazil, kumene amuna ngati 50,000 anali kukwera makwerero atasenza matumba a dothi. Anateronso m'caka ca 1991 pakati pa ozimitsa moto pa zitsime za mafuta ku Kuwait. Ndipo m'caka ca 1994 anajambula anthu a ku Mozambique pobwerera kwao nkhondo itatha. Owerenga a ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu akumbukira bwino alendo amenewa, pakuti ambiri a iwo anathawira ku Malawi.

BVUTO LA PA BWALO LA NDEGE

Zimene anaona ku Rwanda m'caka comweco ca 1994, pamene anthu ambiri-mbiri anaphedwa, zinawadwalitsa mtima, ndipo anafuna kuleka kujambula. Anabwerera ku famu ya atate wao, napeza mitengo yatha, nthaka yakokoloka. Mai Lélia ndiwo anati abzale mitengo. M'caka ca 1998 anayambitsa bungwe la Instituto Terra, limene labzala mitengo yoposa mamiliyoni awiri pa malowo. Poona nkhalango ikubwerera pamodzi ndi mbalame ndi akasupe, Bambo Salgado analimba mtima, ndipo m'caka ca 2004 anayamba nchito yaikulu yochedwa Genesis, yojambula mapiri, zipululu, nyama ndi anthu a m'malo amene sanaonongeke.

Pa nchito iyi anafuna zithunzi zazikulu zopacika pa khoma, motero anatenga kamera ya Pentax 645 imene filimu yake iri yotambalala koposa ya Leica. Pa ulendo umodzi anali kunyamula mipukutu ngati 600, katundu wosacepera makilogalamu 25.

Apa ndipo panabuka bvuto. Cicitikire ciwembu ca ndege ku America pa 11 September, 2001, alonda a pa mabwalo a ndege anayamba kuunika katundu yense ndi makina a X-ray mosalekerera. Makina amenewa aturutsa mphamvu yofanana ndi kuwala, yosaoneka ndi maso, koma filimu imaimva. Kudutsa kamodzi sikuononga kweni-kweni. Koma filimu ikadutsa kasanu kapena kasanu ndi kawiri, imacita ngati yagwidwa nkhungu. Munthu wocokera ku nkhalango yakutali amasintha ndege kambiri asanafike kwao, ndipo pa bwalo liri lonse Bambo Salgado anali kupempha alonda kuti aone katunduyo ndi manja. Ena anali kubvomera, ena kukana. Taganizani mlimi amene walima dzinja lonse, nakolola, kenaka cimanga cibvunda pa njira ya ku msika. Momwemo nchito ya miyezi iwiri inali kukhoza kuonongeka pa mphindi zocepa, ndipo nyama kapena mtambo umene unajambulidwa sungaitanidwenso.

M'caka ca 2008, ali ndi zaka 64, anasiya filimu natenga kamera ya digito ya Canon.

KAMERA YATSOPANO

Kamera yoyamba ya mtundu uwu inapangidwa m'caka ca 1975 ndi Bambo Steven Sasson a kampani ya Kodak, kampani yomweyo imene inalemera ndi kugulitsa filimu. Inali yolemera makilogalamu oposa atatu, ndipo inali kutenga masekondi 23 kuti isunge cithunzi cimodzi pa kaseti. Lero kamera yotere ikwana m'foni.

M'malo mwa filimu muli kacipangizo kokhala ndi timaso tating'ono mamiliyoni ambiri. Kadiso kali konse kayesa kuwala kumene kwagwerapo nikasandutsa magetsi, ndipo makina alemba muyesowo ngati manambala pa kakadi kocepa ngati sitampa. Manambala amenewa makina a pa bwalo la ndege sawaononga.

Bambo Salgado anapeza zabwino zitatu. Coyamba, mantha a X-ray anatha. Caciwiri, katundu wa filimu wolemetsa munthu uja anasanduka timakadi tokwana m'kathumba. Cacitatu, kamera yatsopano iona bwino pamene kuwala kuli kocepa, monga m'nkhalango yowirira kapena m'nyumba ya maudzu, pamene filimu inali kubvutika. Komabe nayo iri ndi zofooka zake. Popanda batire siigwira nchito konse, ndipo zithunzi za pa kadi zingafafanizike zonse pa kudina kumodzi kolakwa.

ZIMENE SANASINTHE

Codabwitsa ndi ici: atasintha kamera, sanasinthe kagwiridwe kao ka nchito. Ojambula ambiri akadina batani amathamangira kuyang'ana kuseri kwa kamera kuti aone cimene caturuka. Bambo Salgado analibe cizolowezi cimeneci. Maso ao anali kukhala pa cinthu cojambulidwaco, monga anazolowera pa filimu. Akabwerera ku Paris sanali kusankha zithunzi pa kompyuta ai. Owathandiza anali kusindikiza tizithunzi tating'ono tambiri pa pepala limodzi, ndipo iwo anali kutiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, nasankha pang'ono-pang'ono. Zithunzi zao zinakhalabe zakuda ndi zoyera, zopanda mitundu ina. Ndipo zina mwa zosankhidwazo anali kuzipangira negetivi, kuti zisindikizidwe m'njira yakale.

Nchito ya Genesis inatenga zaka 8 ndi maulendo oposa 30. Anafikanso ku Zambia m'caka ca 2010, kumene anajambula njobvu m'nkhalango ya Kafue. Buku lake linaturuka m'caka ca 2013. M'bukumo muli zithunzi za filimu ndi za digito zosakanizika, ndipo munthu wamba potsegula masamba sangaloze kuti ici ndi ca kamera yakale, ico ndi ca yatsopano. Cimene aona ndico dzanja la munthu mmodzi.

Nchito imeneyi inali ndi mtengo wake. M'caka ca 2010 anadwala malungo oopsa ku Indonesia, ndipo thupi lao silinabwerere mwakale. Anamwalira ku Paris pa 23 May, 2025, ali ndi zaka 81.

PHUNZIRO KWA OJAMBULA A M'MIDZI

Tsono funso lija layankhidwa. Kamera ndi cida, monga khasu. Khasu latsopano lipepukitsa nchito, koma mzere woongoka ucokera kwa mlimi. Amene ali ndi foni angatolepo izi.

Coyamba, asendere pafupi ndi miyendo yake. Mafoni ambiri ali ndi galasi lalifupi, ndipo kukoka cithunzi ndi zala kumangocicititsa cimbuuzi.

Caciwiri, ayang'ane kuwala. Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo likongoletsa nkhope. La pamutu liika mithunzi m'maso. Pa masana ndi bwino kuimika anthu pa mthunzi wa mtengo.

Cacitatu, apukute galasi ndi kansalu kofewa, pakuti foni yokhala m'thumba imadetsedwa ndi thukuta.

Cacinai, apemphe cilolezo asanajambule munthu, maka-maka pa maliro, pa cipatala ndi pa miyambo ya mudzi.

Cacisanu, ndipo ici ndico cacikulu, zithunzi zofunika azisindikize pa pepala. Foni imatayika, imabedwa, imagwa m'madzi. Mabanja ambiri akali ndi cithunzi ca agogo cojambulidwa zaka 50 zapitazo, koma ca mwana wobadwa dzana cinapita ndi foni. Ca ukwati, ca mwana ndi ca nkhalamba za pa mudzi ciyenera kutsukidwa ndi kusungidwa pouma, posafika ciswe.

Bambo Salgado anali kutha masabata pa malo amodzi kudikira kuti kuwala kukhale bwino ndi kuti anthu amasuke. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku sikugulidwa m'sitolo pamodzi ndi kamera, ndipo wa foni ya mtengo wocepa angakhale nako monga wa kamera yodula.