NTCHENTCHE YOIKA MPHUTSI M'THUPI

Nyengo ya mvula ikafika, amayi ena a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona amadabwa kuona tizithupsa tofiira pamsana, pamimba kapena m'matako mwa ana ao. Ena amati mwana walodzedwa. Koma nthaŵi zambiri m'kachithupsa kotere mumakhala mphutsi yamoyo, ndipo gwero lake ndi ntchentche.

Ntchentcheyi siivuta kuizindikira, kaya pa chithunzi kaya ikatera pakhoma. Ndi yonenepa kuposa ya m'nyumba, yotalika pafupifupi sentimita imodzi. Ya m'nyumba ndi yotuwa, koma iyi ndi yachikasu chodera, ndipo ili ndi mizere iŵiri yakuda pamsana. Siiluma munthu monga amachitira kashembe. Akatswiri amaitcha Cordylobia anthropophaga, ndipo amene anayamba kuilemba m'mabuku ndi Émile Blanchard wa ku France, mu 1872.

Yaikazi imaikira mazira oposa 100 pa mchenga wa pamthunzi pamene pagwera mkodzo kapena chimbudzi, ndiponso pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo amaswa m'masiku osapitirira 3. Timphutsi tikamva kufunda kwa thupi timaboola khungu, mwini wake osadziŵa. Timakula m'menemo masiku 8 mpaka 12, kenaka timagwa pansi ndi kusanduka ntchentche. Agalu ndi makoswe nawonso amagwidwa ndi mphutsizi.

Kachithupsa ka mphutsi kamakhala ndi kabowo pamwamba kamene mphutsiyo imapumirapo. Pamatuluka timadzi, ndipo wodwala amamva kanthu kakuyenda m'kati.

Mayi asaboole kachithupsako ndi munga kapena singano, pakuti mphutsi ikaphwanyikira m'kati chilonda chimachita mafinya. Amate kabowoko ndi mafuta a Vaseline. Mphutsi ikasoŵa mpweya imasuzumira kunja, ndipo apo afinye pang'onopang'ono m'mbali mwake kufikira ituluke yathunthu. Akatero atsuke chilondacho ndi madzi ndi sopo. Ngati wodwala ndi khanda, kapena tizithupsa tachuluka, kapena tili pafupi ndi diso, kapena thupi latentha, apite naye ku chipatala msanga.

Mateŵera, zovala ndi zofunda ziyanikidwe pa chingwe, padzuŵa, osati pa udzu kapena pansi. Zikauma zisitidwe ndi simbi yotentha mbali zonse ziŵiri, makamaka m'misoko, chifukwa kutentha kumapha mazira ndi timphutsi. Ana asagone pa mchenga wa pamthunzi opanda mphasa, ndipo chimbudzi cha ana ndi cha agalu chichotsedwe pabwalo tsiku ndi tsiku. Makala a m'simbi sadya ndalama monga ulendo wa ku chipatala.