Khola la Udzu ndi Ng'ombe Zadongo

Khirisimasi ikamayandikira, ine ndimayamba kumva fungo la udzu wonyowa. Kwathu ku Malindi, kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, mtengo wa Khirisimasi tinkangouona pa makhadi. Chokongoletsa chathu chinali khola.

Pa 24 Disembala amayi ankatituma kukadula udzu ndi masamba a kanjedza, tikamangire Mwana Yesu kakhola m'tchalitchi. Ng'ombe zake tinkaumba tokha ndi dongo lakudambo. Kunyumba tinkang'amba makope akale, kumata timizere ndi phala la kondowole, n'kupachika kudenga. Denga likadontha, zonse zinkagwa, koma mtima unali utakondwa kale. Anzathu achisilamu ankabwera kudzaona, monga ife tinkakadyera mpunga kwawo pa Idi.

Lero ana anga amafuna timagetsi tophethira takusitolo. Ndimawagulira, koma dongo ndimakatapabe ndekha.