Amayi, Nyumba Ya Mabuku Ndi Yathunso

Amayi anzanga, sabata ino tiyambe taika pambali za kuphika ndi za kusoka, tikambirane za nyumba ina imene ambiri a ife timangoilambalala ngati ya eni ake. Nyumbayo ndi laibulale, kumene amasungako mabuku kuti munthu aliyense awerenge kapena abwereke. Koma ndisanafike kumeneko, ndiloleni ndikuuzeni zimene zinachitika m'gulu lathu kuno kwa Mwadzama, pakuti ndizo zinanditsegula m'maso.

Gulu lathu la banki mkhonde lili ndi amayi 24. Ena amagula usipa kunyanja n'kumayanika pathandala, ena amalima mpunga kudambo, ndipo ena amagulitsa ufa wa kondowole ndi zitumbuwa pa Benga. Chaka chatha, tsiku logawana ndalama litayandikira, mlembi wathu anapita kuchipatala kukadwazika mwana wake, ndipo anakhalako masabata atatu. Kope la masheya ndi ngongole linatsala m'manja mwathu. Titalitsegula patsinde pa mtengo wa mango, panangoti zii. Aliyense ankalikankhira kwa mnzake, uyu akuti maso akundiwawa, uyo akuti ndaiwala magalasi kunyumba. Ine ndemwe, amene ndinalekezera Sitandade 6, mayina ndinawerenga bwinobwino, koma pofika pa manambala a chiwongoladzanja thukuta linayamba kutsika. Mayi wina anaumirira kuti anabweza kale K15,000, mnzake anati sanaone, ndipo amayi awiri amene anavinidwa pamodzi ali atsikana anatha mwezi wathunthu osapatsana moni. Mlembi atabwerako anangoloza ndi chala mzere umene ndalamayo inalembedwa. Inali pomwepo, pamaso pathu, masiku onsewo.

Chimene chinandiwawa mumtima ndi chakuti mwa amayi 24 aja, 9 anaphunzira sukulu ya kwacha mpaka kumaliza, ndipo ena 11 tinapondako ku pulayimale. Kuwerenga tinaphunzira ndithu, koma kuchokera tsiku limene tinatsazika aphunzitsi sitinakhalenso ndi chowerenga. Khasu limene lakhala padenga dzinja ziwiri limachita dzimbiri, ndipo maso a munthu pa zilembo amateronso. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa amayi ndi atsikana 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 66 ndiwo amadziwa kuwerenga ndi kulemba. Tsono dzifunseni nokha: mwa 66 amenewo, ndi angati amene anagwirako buku mwezi uno, kupatula la nyimbo kutchalitchi?

Kodi Laibulale Ndi Ya Yani?

Ambiri timaganiza kuti laibulale ndi ya ana a sekondale ndi abambo ovala mataye. Zimenezo si zoona. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1967 loyambitsa bungwe la National Library Service, ndipo bungweli linayamba ntchito mu 1968 kuti lifikitse mabuku kwa anthu onse a dziko lino, amuna ndi akazi omwe. Likulu lake lili ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Karonga, ku Mulanje ndi m'maboma ena. Bungweli ndi la boma, choncho ndalama zoliyendetsera zimachokeranso pa msonkho umene inu ndi ine timapereka pogula sopo ndi chitenje m'sitolo. Mayi amene akuopa kulowamo ali ngati munthu amene anasonkha nawo nkhuni koma akuchita manyazi kuotha moto.

Zimene Ndinaona Ku Lilongwe

M'mwezi wa June ndinapita ku Lilongwe ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga. Mwambo utatha, ndinapempha mdzukulu wawo wina wa Fomu 3 kuti andiperekeze ku likulu la mabuku lija. Pakhomo miyendo inalemera, pakuti ndinali m'chitenje ndi patapata, ndipo ndinkayesa kuti andifunsa satifiketi. Palibe anandifunsa. Mayi wina wogwira ntchito momwemo anati, "Takulandirani amayi, tikuthandizeni chiyani?" Ndinayankha kuti ndabwera kudzaona chabe, ndipo iwo anandiyendetsa monga mlendo wolemekezeka.

Ndinaona mashelefu ataliatali odzaza mabuku a zaulimi, zaumoyo, zamalamulo, zamalonda ndi nthano. Ndinaona ana a sukulu ali phee pamatebulo kukonzekera mayeso, abambo akuwerenga nyuzipepala, ndi achinyamata ali pa makompyuta. Kulinso mbali ya ana ang'onoang'ono, yokhala ndi mabuku a zithunzi. Wofuna kutenga buku kupita nalo kunyumba amayamba walembetsa dzina lake kuti akhale membala, ndipo amauzidwa tsiku lobweza. Koma nditaunguza uku ndi uku kufuna amayi a msinkhu wanga amene anabwera kudzawerenga, zala za dzanja limodzi sizinathe.

Pali zina zimene mayi aliyense ayenera kudziwa. Choyamba, mabuku a m'laibulale si a Chingerezi okhaokha. Bungweli linasindikiza timabuku take ta ana totchedwa Werengani, tolembedwa ndi Amalawi anzathu, ndipo tina mwa ito tili m'Chichewa. Mayi wa sukulu ya kwacha asachite manyazi kuyambira pa timabuku totere, pakuti zilembo zake ndi zikuluzikulu ndipo zithunzi zimathandiza. Chachiwiri, kuyambira m'chaka cha 2012 bungweli, mogwirizana ndi a UNESCO, linayendayenda m'midzi kujambula agogo akusimba nthano kuti zisafe nawo pamodzi, ndipo linakonzanso nthawi yoti ana azisonkhana ku laibulale kumvera nthanozo. Onani tsono, nthano zimene agogo athu ankatisimbira pamoto tikukazinga chimanga, lero anthu ophunzira akuzisunga ngati chuma. Chachitatu, bungweli limaperekanso mabuku ku masukulu ndi ku timalaibulale ta m'midzi, ndipo ena mwa mabukuwo amachokera ku bungwe la Book Aid International la ku London. Mfundo yachitatuyi ndiyo ikutikhudza kwambiri ife a kutali ndi mzinda.

Mnyamata Wa Ku Wimbe

Mwina wina anena kuti, "Kalaibulale ka kumudzi kangathandize chiyani?" Yankho lili kwa anansi athu a ku Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002, mnyamata wina wa ku Wimbe, William Kamkwamba, analeka sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. M'malo mongokhala pamsika, iye ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, kamene kankayang'aniridwa ndi mayi. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zithunzi ndi kufunsa tanthauzo la mawu ovuta. Ali ndi zaka 14 anatola zitsulo zotayidwa, njinga yakale ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu, n'kumanga makina amene anayatsa getsi m'nyumba ya makolo ake. Anthu amene ankamunena kuti wapenga anayamba kubwera kudzaonerera. Pambuyo pake anabwerera kusukulu, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa koleji ya Dartmouth ku America.

Pa nkhani imeneyi anthu amatama mnyamatayo, ndipo n'koyenera. Koma ine ndimaganizira za mayi uja amene ankatsegula chitseko cha kalaibulaleko masiku a njala, pamene aliyense ankaganiza za gaga ndi chinangwa basi. Akanati atseke n'kupita kukasaka chakudya, palibe akanamudzudzula, koma getsi lija silikanayaka. Ntchito yosunga mabuku ndi kutsegula chitseko ndi ntchito imene ife amayi tingaithe.

Nanga Ife A Kutali Titani?

Kuchokera kuno kwa Mwadzama kupita ku Lilongwe kapena ku Nkhotakota boma ndi ndalama yambiri ya minibasi, ndipo palibe mayi angasiye ana ndi mpunga pamunda kuti akawerenge buku. Motero ngati ife sitingathe kupita kumene kuli mabuku, tiyenera kuwakonzera malo kuti abwere kwathu. Mutu umodzi susenza denga, koma gulu la amayi lingathe. Nazi zimene ife tachita, zimene inunso mungayese.

Poyamba tinagula bokosi lachitsulo ndi loko, ndi ndalama ya thumba la gulu. Kuno kunyanja adani a buku ndi chiswe, chinyontho, mphemvu ndi denga lodontha, choncho bokosilo limakhala pamwamba pa njerwa, kutali ndi khoma ndiponso kutali ndi utsi wa kukhitchini.

Kenaka tinasonkhanitsa zimene zinalipo kale m'mudzi. Mudzadabwa, amayi, kuchuluka kwa mabuku amene akugona m'masutikesi. Aphunzitsi ena opuma ntchito anatipatsa mabuku 13, alangizi a zaulimi anatipatsa timapepala ta kasungidwe ka mbewu, a zaumoyo anatipatsa ta kadyetsedwe ka ana, ndipo aliyense wopita kutauni timamutuma nyuzipepala ya kumapeto a sabata imene imakhala ndi masamba a Chichewa, ngakhale ikhale yakale. Lero m'bokosi mwathu muli mabuku 31.

Tinasankhanso mayi mmodzi wosunga kiyi ndi wachiwiri wake, kuti zimene zinatichitikira ndi mlembi zija zisabwerezeke. Iwowa ali ndi kope lolembamo dzina la wobwereka, dzina la buku, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Buku limakhala kwa munthu masabata awiri. Tinapangana kuti wogwira buku ayambe wasamba m'manja, makamaka ife a nsomba, ndiponso kuti tsamba la buku si lokulungira zitumbuwa kapena fodya wa abambo.

Pomaliza tinapita kwa a mfumu ndi kwa a hedimasitala kukawafotokozera, chifukwa pempho la gulu limalemera likakhala ndi chidindo chawo. Inu a m'magulu ena, wina mwa inu akapita ku boma akafike ku ofesi ya bungwe la NICE, limene linayamba mu 1999 ndipo limadziwika ndi malo owerengerako nyuzipepala ndi mabuku m'maboma ndi m'midzi. Akafunsenso ku ofesi ya zachitukuko cha m'midzi, imene imayang'anira sukulu za kwacha. Safunsa anadya phula. Ndipo inu amayi a m'tauni, amene laibulale ili pafupi ndi msika umene mumagulako ndiwo, mulibe chowiringula. Lowanimo sabata ino, mutenge ndi mwana.

Za Nthawi Ndi Za Abambo

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Nthawi ndiipeza kuti? Kutunga madzi, kuviika chinangwa, kusinja, kuchapa, dzuwa lalowa." Zoonadi, ntchito ya mayi siitha. Ife sitinawonjezere tsiku lina ayi. Pa msonkhano wathu wa Lachinayi, tisanatsegule bokosi la ndalama timayamba tatsegula la mabuku, ndipo kwa theka la ola mayi mmodzi amawerenga mokweza, ena n'kumamvera ali kutong'ola chimanga kapena kuyamwitsa. Sabata yotsatira amawerenga wina. Wophunthwa pa liwu sasekedwa, ndipo woseka mnzake amalipira faindi. Tikatha kuwerenga, kope la masheya limayenda m'manja mwa aliyense kuti aone mzere wake ndi maso ake.

Za abambo a kunyumba, langizo langa ndi lakuti musawabisire. Bambo akaona mkazi wake akubisa pepala m'chitenje amaganiza zina. Bwerani nalo buku poyera, muwasonyeze, ndipo ngati n'kotheka muwatengere lowakomera, monga la ulimi wa mpunga kapena nyuzipepala ya zampira. Amuna anga poyamba ankati buku silidyedwa. Tsiku lina mwana wathu wamng'ono atadwala, ndinawerenga ndekha pa botolo la mankhwala kuti amwe kangati pa tsiku ndiponso muyeso wake, osadikira kuti kuche tikafunse kwa aneba. Kuyambira pamenepo, Lachinayi likafika ndiwo amandikumbutsa kuti ndibweze buku la eni.

Ana nawonso amaona. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amene waona mayi ake atakhala pamphasa ndi buku sachita kukakamizidwa kuti atsegule lake. Ngati inu simutha kuwerenga, muuzeni mwanayo akuwerengereni pamene mukuphika, inu muzimufunsa mafunso. Mukatero nonse awiri mwaphunzira.

Mwezi watha tinalemba kalata yopita ku likulu la National Library Service ku Lilongwe, yofotokoza za gulu lathu, za bokosi lathu ndi za malo osungira, ndi kupempha kuti atiganizireko pa mabuku a Chichewa. A mfumu anadindapo. Pansi pa kalatayo tinagwirizana kuti pasakhale chidindo cha chala, koma mayi aliyense alembe dzina lake ndi dzanja lake. Zinatitengera masana onse, pakuti ena ankayamba ayeseza pamchenga. Amayi awiri amene anadana chifukwa cha K15,000 aja anakhala pamphasa imodzi, wina atagwira pepala kuti lisauluke ndi mwera, mnzake akulemba. Mayina onse 24 alipo.

Tsono inu amayi a magulu ena, a mumpingo, a kumzikiti, a banki mkhonde ndi a m'makalabu a ulimi, pa msonkhano wanu wotsatira funsani funso limodzi lokha: ndani mwa ife angathe kuwerenga kope lathu mlembi atachoka? Mukamva yankho lake, yambani kusonkherana ya bokosi.