Zinthu 8 zodabwitsa zokhudza kudodoma kwa zithunzi pa kompyuta

Kompyuta ndi yamphamvu, monita ndi yatsopano, koma gemu kapena vidiyo ikamayenda, chithunzi chimaima pang'ono kenaka n'kudumpha. Ambiri zikatero amathamangira kuloza chala graphics card, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira ina. Musanafike pamenepo, taonani izi.

1. Nambala ya FPS, yoonetsa kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, ikhoza kukhala yabwino chithunzi chikudodoma. Monita ya 60 Hz imafuna chithunzi chatsopano, chomwe amachitcha felemu, pa mamilisekondi 16.7 alionse. Tiyerekeze kuti mafelemu 59 abwera msanga, iliyonse pa mamilisekondi 15, koma imodzi yachedwa mpaka mamilisekondi 115. Mukaphatikiza, ndi sekondi imodzi ndendende, ndipo kanambala ka FPS ka pakona pa monita kalemba 60. Komatu diso laona chithunzi chitaima kwa nthawi yokwanira mafelemu pafupifupi 7. Woimba ng'oma akhoza kukwanitsa kuchuluka kwa zikhatho zonse za nyimbo, koma akamaziponya mosalingana, ovina asokonezeka basi. Yemwe anatchukitsa kayezedwe ka nthawi ya felemu iliyonse payokha ndi Scott Wasson wa The Tech Report, mu 2011. Lero mapulogalamu monga PresentMon, CapFrameX ndi MangoHud ya pa Linux amajambula mzere wa nthawi imeneyi. Mzere wosalala ndiye wabwino. Pamene patuluka nsonga ndi pomwe mwaona kudodoma paja.

2. Chisankho cha mu 1953 chikadavutitsabe mavidiyo mpaka pano. Chaka chimenecho ku America anavomereza njira ya wailesi yakanema yamitundu yotchedwa NTSC. Pofuna kuti siginolo ya mitundu isasokonezane ndi ya mawu, akatswiri anatsitsa liwiro pang'ono, kuchoka pa 60 kufika pa 59.94. Mavidiyo ambiri akujambulidwabe motero. Vidiyo ya 59.94 ikamaonetsedwa pa monita ya 60 yeniyeni, monita imakhala patsogolo pang'ono, choncho pakatha masekondi pafupifupi 17 alionse felemu imodzi imaonetsedwa kawiri. Ngati kudodoma kwanu kumabwera mosaphonya nthawi chonchi, kompyuta ilibe mlandu. Ndi masamu chabe.

3. Filimu ndi monita ya 60 Hz sizigwirizana chiyambire. Mafilimu amajambulidwa pa mafelemu 24 pa sekondi, ndipo 24 salowa bwino mu 60. Ndiye felemu ina imaonetsedwa katatu, yotsatira kawiri, ina katatu, motero mpaka filimu kutha: mamilisekondi 50, kenaka 33. Kamera ikamayenda pang'onopang'ono cham'mbali, kunjenjemerako kumaonekeratu. Kuno kwathu nkhani yake ndi yomweyo mwamtundu wina. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo wailesi yakanema inatsata njira ya PAL ya mafelemu 25, omwenso salowa mu 60. Wokonza mavidiyo a ukwati kapena a kwaya amene amadabwa kuti ntchito yake ikunjenjemera pa kompyuta koma pa TV ili bwinobwino, ayese kuika monita pa 50, 75 kapena 100 Hz ngati imalola. Wa mafilimu a 24 amuthandiza ndi 120 Hz, poti felemu iliyonse imaoneka kasanu.

4. Kuchedwa ndi milisekondi imodzi kungakudyereni theka la liwiro. V-Sync yachikale imauza graphics card kuti idikire monita isanapereke chithunzi. Felemu ikatenga mamilisekondi 17.5 m'malo mwa 16.7, yaphonya mpata wake ndipo idikira wotsatira, pa 33.3. Zikamachitika mobwerezabwereza, liwiro limagwa kuchoka pa 60 kufika pa 30. Nvidia inatembenuza zinthu mu 2013 ndi G-Sync, yomwe imachititsa kuti monita ndiyo izidikira graphics card, ndipo AMD inabwera ndi FreeSync mu 2015. Chodabwitsa n'chakuti njirazi zimagwira ntchito pokhapokha mafelemu ali pansi pa malire a monita. N'chifukwa chake odziwa amachita kutsekereza dala gemu pa 141 pomwe monita ndi ya 144. Inde, kuchepetsa liwiro kuti zinthu ziyende bwino.

5. Monita ya 144 Hz ikhoza kutha zaka ikuyenda pa 60. Nthawi zambiri Windows siikweza yokha. Muyenera kulowa mu Advanced display n'kusankha. Chingwe ndi polowetsa pake nazonso zili ndi malire: HDMI 1.4 imanyamula 4K pa 30 Hz basi.

6. Kuika driver yatsopano ya graphics card kungabweze kudodoma komwe kunatha. Magemu amagwiritsa ntchito timapulogalamu totchedwa ma shader pojambula moto, utsi, madzi ndi mithunzi. Timeneti timayenera kusandutsidwa kaye kuti tigwirizane ndi graphics card yanuyo, ndipo magemu ena amachita zimenezi pomwe chinthucho chaoneka koyamba. Bomba likaphulika koyamba gemu imaima kaye, kachiwiri imadutsa bwinobwino chifukwa ntchitoyo yasungidwa. Driver ikasintha, zosungidwazo zimakhala zopanda ntchito, zonse n'kuyambiranso. Apa ngakhale mutagula makina odula chotani, phindu lake ndi lochepa. Opanga magemu amene amatulutsa ntchito yawo osakonza izi ndiwo oyenera kudzudzulidwa, osati thumba la wogula.

7. Wolakwa akhoza kukhala chinthu chosakhudzana n'komwe ndi zithunzi. Mu March 2022 AMD inavomereza kuti makompyuta ena a Ryzen ankadodoma mwa apo ndi apo chifukwa cha fTPM, gawo la chitetezo lomwe anthu ambiri analiyatsa poti Windows 11 imafuna TPM 2.0. Mankhwala ake anali BIOS yatsopano. Ma driver a Wi-Fi ndi a mawu nawonso amatha kugwira purosesa kwa nthawi yotalikirapo, zina zonse n'kumadikira. Pulogalamu ya LatencyMon imatchula dzina la driver yomwe ikuchita zimenezi. Ndiye pali fumbi. Likadzaza mu fani, makamaka m'miyezi yotentha ngati October, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuopa kupsa.

8. Ngakhale mausi. Mausi wamba imauza kompyuta pomwe ili ka 125 pa sekondi. Pa monita ya 144 Hz, mafelemu ena amafika popanda uthenga watsopano wochokera ku mausi, ndipo kamuvi kamaoneka kakudumpha. Mausi zodula za 8000 Hz zili ndi vuto la mbali inayo: zimapanikiza purosesa yofooka mpaka magemu ena kudodoma. Kwa anthu ambiri 1000 Hz ndi yokwana.

Ndiye musanagule chilichonse, tsegulani pulogalamu yoyezera nthawi ya mafelemu, muone ngati nsonga zija zikubwera mosaphonya nthawi, pa chinthu chatsopano chokha, kapena makina akatentha. Kenaka sinthani chinthu chimodzi, muyezenso, musanakhudze china.