Khanda Paulendo wa Sitima ya Ilala: Lidzadya Chiyani?

Ku Mtengowanthenga, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lumbadzi ndi Mponela, kulibe nyanja. Kumeneko ndi kumtunda kozizira, kwa alimi a fodya, chimanga ndi mtedza. Komabe mabanja ambiri a kunyanja ali ndi abale awo kumapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ena anapita kukagulitsa usipa ndi utaka, ena anakwatiwa, ena ali pantchito. Tsono likafika tsiku lobwerera kwawo, makamaka kwa iwo a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, ulendo wawo umathera pa sitima ya pamadzi.

Tiyerekeze agogo ena amene akhala maliro a mwana wawo wamkazi ku Mtengowanthenga. Malemuwo asiya khanda la miyezi itatu, ndipo akubanja agwirizana kuti agogowo akalilerere ku Likoma. M'manja ali ndi chitini cha mkaka chimene chatsala pang'ono kutha, botolo limodzi ndi matewera. Kutsogolo kuli minibasi yotsikira kunyanja kudzera ku Salima kapena ku Ntchisi, kudikira padoko, ndiponso usiku wathunthu pamadzi. Kodi mwanayu akafika ali bwino? Yankho lagona pa zimene agogowa achite asanatseke chitseko.

Ulendo wake ndi wotani?

Sitima ya Ilala inapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland. Anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kunyamula anthu pa nyanja yathu m'chaka cha 1951. Ndi yotalika mamita 52, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kupita ndi kubwera kamodzi pamlungu.

Amene anakwerapo akudziwa kuti nthawi ya pamadzi si ya pamtunda. Pamadoko ambiri sitima imaima patali, ndipo anthu ndi katundu amawatuta pamaboti ang'onoang'ono. Kukweza matumba a chimanga ndi nsomba kumatenga maola. Nyengo ya mwera, makamaka m'miyezi ya June, July ndi August, mafunde amachedwetsa zonse. Nthawi zinanso sitima imakhala ikukonzedwa, choncho ndi bwino kufunsiratu tsiku ndi doko lokwerera musananyamuke kumudzi. Munthu wamkulu akhoza kupirira njala maola angapo, koma khanda limafuna kudya maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, kaya sitima yafika kaya sinafike.

Mayi woyamwitsa wanyamula kale zonse

Tisanakambe za chitini, tinene zoona zake: paulendo ngati uwu palibe choposa bere. Mkaka wa m'mawere suvunda, sufuna moto, sufuna kutsuka chiwiya, ndipo uli ndi chitetezo ku matenda otsegula m'mimba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kenaka kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Zaka ziwiri zomwezi ndi zimenenso zinatchulidwa m'Qur'an, mu Surat Al-Baqara ndime 233.

Amayi ena amaganiza zogula chitini chifukwa cha ulendo wokha, poopa kuyamwitsa pagulu. Chonde musatero. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chitenje kapena mpango waukulu ndi wokwanira kudziphimba, ndipo amayi anzanu akhoza kukhala mokuzungulirani. Mwana akazolowera botolo kwa masiku ochepa okha akhoza kuyamba kukana bere, ndipo bere likasiya kuyamwidwa mkaka umachepa.

Mayi wochokera kozizira ngati ku Dowa amadabwa ndi kutentha kwa kunyanja, nayamba kuganiza kuti mwana ali ndi ludzu lofuna madzi. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi, tiyi kapena thobwa. Ingomuyamwitsani pafupipafupi, madzi muzimwa inuyo. Ngakhale mafunde akuchititseni nseru mpaka kusanza, mkaka wanu sunaonongeke. Imwani pang'onopang'ono ndi kupitiriza kuyamwitsa. Ulendo ukagwera m'mwezi wa Ramadan, kumbukirani kuti wapaulendo ali ndi chilolezo chomasula, chimodzimodzinso woyamwitsa amene akuopera thanzi lake kapena la mwana. Za kubweza masikuwo funsani a sheikh a kwanuko.

Nawonso amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV asathamangire chitini. Kuyambira m'chaka cha 2011, dziko la Malawi limapereka mankhwala a ARV kwa moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene apezeka ndi kachilomboka, ndipo amalangizidwa kuyamwitsa uku akumwa mankhwala mosadumphitsa. Chachikulu ndi kunyamula mankhwala okwanira, a mayi ndi a mwana, ndi kuwasunga pouma.

Ngati bere palibe

Agogo athu aja alibe kuchitira mwina. Alipo ana amasiye, alipo amene mayi awo akudwala kwambiri. Kwa oterewa mkaka wa m'chitini ndi wopulumutsa moyo, koma ukakonzedwa mosasamala umasanduka chiphe. Choyamba, agogowa apite ndi mwana kuchipatala cha Mtengowanthenga kapena kusikelo ya pafupi, anamwino akamuyeze kulemera, akaone za katemera, ndi kuwaonetsa kakonzedwe ka mkaka ndi maso.

Chachiwiri ndi kuwerengera. Khanda limafuna pafupifupi mamililita 150 a mkaka patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Mwana wa makilogalamu 5 ndiye kuti amamwa mamililita 750 patsiku, ndipo chitini cha magalamu 400 chimamutengera masiku anayi okha basi. Chakudza sichiimba ng'oma. Werengerani masiku a ulendo, muonjezerepo mlungu wina wathunthu, pakuti simungadalire kuti pa chilumba kapena pa doko la kumidzi mukapeza mtundu womwewo. Onani tsiku lothera ntchito pansi pa chitini, ndipo onetsetsani kuti ndi mkaka wa msinkhu wa mwanayo. Ufa woyeretsera tiyi, mkaka wotsekemera wa kondensi ndi mkaka waufa wa akuluakulu si chakudya cha khanda.

Madzi ndiwo mwini nkhani

Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu March 2022 ndi kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma pagombe pamene anthu amasamba, kuchapa ndi kutsuka nsomba pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Madzi a m'mapaketi ogulitsa pa doko nawonso simudziwa kumene anatungidwa.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Ufa wa m'chitini, ngakhale chitini chikhale chatsopano, ukhoza kukhala ndi tizilombo pang'ono. Ndi chifukwa chake malangizo amene WHO inatulutsa m'chaka cha 2007 amati ufawo uzisungunulidwa m'madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri 70 kapena kuposerapo. Kunena mosavuta, madzi abwate, ndipo asakhale mphindi zoposa 30 musanawagwiritse ntchito. Ngakhale madzi a m'botolo ogula m'sitolo ayenera kuwiritsidwa.

Apa ndi pamene fulasiki imagwira ntchito. Itsukuluzeni ndi madzi otentha, kenaka muidzaze mpaka kukamwa ndi madzi obwata kumene, ndi kutseka zolimba. Fulasiki yabwino yodzaza imasunga kutentha kwa maola angapo, koma osati tsiku lonse. Choncho paliponse pamene mwaima, kaya pa Salima, pa Nkhotakota kapena kwa abale a pafupi ndi doko, wiritsani ena. M'sitima muli khitchini. Pitani mwaulemu mukapemphe madzi obwata, ndipo mufotokoze kuti ndi a khanda. Safunsa anadya phula. Fulasiki imeneyi ikhale ya mwana yekha, isalowe tiyi.

Kakonzedwe kake

Sambani m'manja ndi sopo. Thirani madzi poyamba pa muyeso wolembedwa pachitini, ufa ubwere pambuyo. Gwiritsani ntchito kasupuni ka m'chitini momwemo, kosefukira ayi, koperewera ayi. Sakanizani bwino, ndipo muziziritse poviika chiwiyacho m'beseni la madzi ozizira, osalola madziwo kufika kukamwa kwake. Dontheza pang'ono pamkono panu, ukhale wofunda chabe.

Musakonzeretu mkaka wa tsiku lonse. Konzani wa nthawi imodzi, ndipo wotsala, kapena umene wakhala maola awiri, utayidwe. Tikudziwa kuti mkaka ndi wodula ndipo kutaya kumawawa, koma m'kutentha kwa kunyanja tizilombo timaswana msanga. Yesero lina ndi lochulukitsa madzi kuti chitini chikhalitse. Mwana wotero amakhuta madzi, amawonda, ndipo akhoza kudwala mwakayakaya. Kuchulukitsa ufa nakonso kumalemetsa impso zake.

Paulendo, kapu ndi yabwino kuposa botolo. Botolo ndi kamphira kake zimabisa litsiro m'makona, ndipo zimafuna kutsukidwa ndi kuwiritsidwa nthawi iliyonse, zimene n'zovuta pakati pa chikhamu cha anthu ndi matumba. Kapu yaing'ono yopanda mlomo imatsukika ndi sopo ndi madzi otentha. Wiritsani makapu atatu kapena anayi kunyumba ndi kuwasunga m'chiwiya chotseka. Pomwetsa, khazikani mwana chotsamira pamiyendo, gunditsani kapu pa mlomo wake wam'munsi, mkaka ungofika pamilomo, iye azimwa yekha. Musamuthire m'kamwa, angatsamwe. Yambani kumuzoloweza masiku angapo ulendo usanafike.

Zitini, makapu, sopo ndi buku la kuchipatala ikani m'kandowa kokhala ndi chivundikiro cholimba. Pokwera boti anthu amalowa m'madzi mpaka m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo mafunde amawaza katundu. Ufa ukalowa chinyezi watha ntchito. Ngati n'kotheka musayende nokha: wina anyamule mwana, wina katundu ndi fulasiki ya madzi otentha.

Mayi wachifundo m'sitima

Zimachitika kuti khanda lamasiye likulira usiku, mayi wina woyamwitsa amagwidwa chisoni nafuna kulipatsa bere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mtima umenewu ndi wotamandika. Koma pali zinthu ziwiri zoti muganizire. Choyamba, kachilombo ka HIV kamatha kudutsa mumkaka, choncho woyamwitsa mwana wa wina ayenera kukhala woti anayezetsa magazi posachedwa. Chachiwiri, kwa ife Asilamu kuyamwitsa kumamanga ubale. Woyamwitsayo amasanduka mayi, ana ake amasanduka abale a mwanayo, ndipo sangadzakwatirane. Maulama amasiyana pa kuchuluka kwake: chiphunzitso cha Imam Shafi'i chimati kuyamwa kasanu mwana asanakwane zaka ziwiri, pamene ena amati ngakhale kamodzi. Chotero ngati banja lasankha njira imeneyi, ndi bwino ikonzedwe kumudzi ndi munthu wodziwika, achipatala atafunsidwa, ndipo mabanja onse awiri adziwe ndi kukumbukira.

Wopitirira miyezi 6

Mwana wamkulupo amapitiriza bere kapena mkaka, koma amafunanso chakudya. Nthochi yakupsa ndiyo bwenzi la wapaulendo, chifukwa ili ndi chovala chake ndipo mumasenda nokha. Mbatata yophika kumene ndi dzira lowiritsa bwino nazonso n'zothandiza. Phala lophikidwa m'mawa lisadyetsedwe madzulo litazizira. Zokazinga za pa doko zimene zatera ntchentche zisafike pakamwa pa mwana, ndipo uchi dikirani mpaka akwanitse chaka.

Zizindikiro zoopsa

Nyamulani mapaketi a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinc amene achipatala angakupatseni. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, musasiye kumuyamwitsa kapena kumupatsa mkaka wake. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, ndi kumamupatsa ndi supuni pang'onopang'ono akangochita chimbudzi. Mukaona maso alowa, liwombo lalowa, thewera likukhala louma nthawi yaitali, mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, watentha thupi kapena walefuka, dziwitsani ogwira ntchito m'sitima msanga ndipo mutsike pa doko loyamba lokhala ndi chipatala. Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota kuli zipatala za boma. Musati tikaonera kumudzi. Khanda limatha madzi m'thupi m'maola ochepa.

Nanunso abambo, amalume ndi achimwene, nkhaniyi si ya amayi okha. Kugula chitini choonjezera, kufunafuna madzi obwata pakati pa usiku, kupezera mayi malo okhala pamthunzi, imeneyi ndi ntchito yanu. Agogo a ku Likoma aja akanyamuka ku Mtengowanthenga ndi zitini zitatu, fulasiki yodzaza, makapu owiritsa ndi mdzukulu wamkulu wowathandiza katundu, Insha Allah akatsika pagombe khanda lili m'tulo kumsana, abale akulilandira ndi manja awiri.